Matope a muinjini safuna phuma

Akonzi, ndiloleni danga patsamba lino kuti ndifotokozere madalaivala anzanga, makamaka ife oyenda m'misewu ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhata Bay, zomwe zidandionekera mwezi wa Epulo chaka chatha. Nkhaniyi ndi yondichititsa manyazi ndipo ndakhala ndikuibisa. Koma mvula yayambanso, ndipo sabata yatha ndidaona mnyamata wina ku Kande ataimika galimoto yake m'madzi, boneti ili yasa, ndowa ili m'manja, ndendende momwe ndidachitira ine. Ndiye ndati bola ndiyankhule.

Ndimakhala ku Bandawe ndipo ndimayendetsa Toyota Sienta, ija ya mipando 7. Ndimanyamula anthu pamsewu wa M5, kuchokera ku Kande, kudutsa pa Chintheche mpaka ku Nkhata Bay. Anzanga ali ndi minda ya chinangwa, ena mabwato ndi maukonde. Ine munda wanga ndi galimotoyi. Komanso chifukwa m'mudzi mwathu ndi yokhayo, usiku imasanduka ambulansi. Wina akadwala, anthu safunsa kawiri koti agogode.

Amene sadakhaleko kuno sadziwa mvula yathu. Kumadera ena ikamatsazika mu Malichi, kuno ndiye imakhala ikulimbika, mpaka Epulo yense. Ukangosiya phula n'kupatukira kumtunda, umakumana ndi katondo wofiira amene akanyowa amamata kuposa kondowole.

Lachinayi lina kudagwa maliro kumudzi wina wa kumtundako, ndipo anamfedwa adandipempha kuti ndiwanyamule. Popita tidayenda bwino. Mvula idatipeza tili kumanda, ndipo pobwerera, titafika padambo lina, galimoto idatitimira mpaka m'bampala. Anyamata adakankha, ine ndikuponda mafuta, matayala akungozungulira pamodzimodzi n'kumamwaza matope paliponse. Tidatulukamo patatha ola lathunthu. Tisadafike paphula, kagetsi kofiira kochenjeza kuti injini yatentha kadayaka. Ndidaima, kudikira kuti izizire, kenako n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kunyumba.

M'mawa mwake nditatsegula boneti ndidagwira pakamwa. Injini siinkaoneka. Batire, mawaya, lamba, mapaipi, zonse zidali zofiira ngati chipupa chomata kumene. Chomwe chidandivutitsa maganizo kwambiri n'chakuti Loweruka lake ndimayenera kunyamula akwati kupita kutchalitchi cha CCAP cha Bandawe, ndipo theka la ndalama ndidali nditalandira kale, n'kudya. Galimoto ya ukwati iyenera kuwala kunja ndi mkati momwe.

Lachisanulo ndidagwira ntchito mpaka cha m'ma 3 koloko masana, kagetsi kofiira kaja kakuyaka n'kumazima. Pasiteji anzanga adandilangiza kuti nkhaniyi ndi yaing'ono. Adati ndingopita kunyanja, koma chinsinsi chake n'chakuti ndisazimitse injini, chifukwa madzi akamagwera pa injini yotentha amauma okha. Malangizowo adandikomera chifukwa adali achangu komanso aulere.

Ndidapita pamalo pena pomwe mchenga ndi wolimba, n'kulowetsa matayala akutsogolo m'madzi. Ndidaitana anyamata awiri kuti azitunga, ine n'kumakhuthula. Ndidawaza sopo waufa paliponse. Ndowa yoyamba itagwera pa injini, nthunzi idangoti fuu, anyamata aja n'kuseka. Madzi ofiira adayamba kutsika kulowa m'nyanja, ndipo mtima wanga udakondwa poona zitsulo zikuyamba kuonekera. Pamwamba pa madziwo padayandama mafuta amawangamawanga.

Chapafupi padali mayi wina wachikulire akutsuka mbale. Adaima, n'kundiyang'ana.

“Ada, madzi amenewa ndi omwe tikutsukira mbale zodyera ana. Taonani mafuta anuwo,” adatero.

“Pepani ama, ndimaliza pompano. Nyanja ndi yaikulu, zimenezi zipita ndi mafunde,” ndidayankha.

Sadanenenso kanthu. Adalonga mbale zawo m'beseni n'kusunthira kutali.

Ndowa zitakwana 8 kapena 9, injini idayamba kunjenjemera. Idatsokomola kawiri, kenako zii. Ndidapotokola kiyi, idangolira pang'ono n'kusiya. Ndidapotokolanso, n'kupotokolanso, mpaka batire lidatheratu. Sienta yanga ndi ya otomatiki, ndiye zoti tiikankhe kuti ilire sizikadatheka. Dzuwa lidalowa. Asodzi omwe ankakonza nyali zawo kuti apite ku usipa adandithandiza kuikankhira pamchenga wouma. Ndidalipira mnyamata mmodzi kuti aigonere, ine n'kubwerera kunyumba wapansi. Panjira ponse ndinkangoganiza za ukwati.

Cha m'ma 1 koloko usiku ndidamva kugogoda kwamphamvu pachitseko. Adali mayi woyandikana nafe nyumba, atanyamula mwana wake wa zaka 3.

“Ada, dzukani! Mwana wakomoka, thupi latentha ngati moto. Tithandizeni, tipite ku Chintheche.”

Ndidatsegula chitseko. Mwanayo maso adali atatembenuka, manja akugwedezeka. Mayiyo ankayang'ana pansi pa mtengo wa mango pomwe galimoto imagona, koma padalibe kanthu.

“Ama, galimoto yafa. Ili kunyanja,” ndidatero.

Pa moyo wanga sindidayankhulepo mawu olemera ngati amenewo. Sadandikalipire. Adangoti, “Nanga titani?”

Ndidathamanga mumdima kukadzutsa mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto. Woyamba adalibe mafuta. Wachiwiri adavomera. Pomwe ankanyamuka, mayi atakumbatira mwana kumbuyo, onse atafunda chitenje chimodzi mvula ikuwaza, padali patadutsa mphindi zoposa 40. Ndi galimoto, nthawi imeneyo tikadakhala titafika kale ndipo mwana ataonedwa. Ine ndidatsatira panjinga yakapalasa.

Kuchipatala adati ndi malungo aakulu ndipo adamugoneka. Malungo a kuno si ocheza nawo. Ngakhale amishoni a Livingstonia, omwe adafika ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, adavutika nawo mpaka kusamutsira likulu lawo kumapiri a Khondowe mu 1894, ndipo manda a anzawo alipobe pa Makuzi. Ndidakhala pabenchi panja mpaka kucha, ndikudzifunsa chomwe ndikadawauza makolo a mwanayo zinthu zikadaipa. Kuti ndinkafuna injini iwale paukwati? Mwamwayi, mwanayo adatsitsimuka m'bandakucha, ndipo patatha masiku angapo adatuluka.

Kuchokera kuchipatala ndidalunjika kwa asibweni anga, alongo awo a mayi. Iwowa adagwira ntchito zaka zambiri m'galaja ku Bulawayo, monga adachitira Atonga ambiri a msinkhu wawo omwe adapita kukasaka ntchito kummwera. Pano adakalamba, amangokonzera asodzi mainjini a maboti. Chigulire galimoto yanga sindidawafunsepo kalikonse, poganiza kuti nzeru zawo zidathera pa Land Rover ndi Peugeot zakale. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Adamvetsera nkhani yonse osandidula. Kenako adatenga kachikwama kawo ka masipanala, tidatsetsereka limodzi kunyanja.

“Mphwanga, kiyi uja uike m'thumba. Usayerekeze kuilizanso,” adatero tisadafike n'komwe.

Choyamba adatsegula bokosi la sefa ya mpweya. Sefayo idali chonyowa, ndipo pansi pa bokosilo padali madzi. Adandifotokozera kuti injini imakoka mpweya n'kuupanikiza m'masilinda. Mpweya umapanikizika, koma madzi sapanikizika. Injini ikameza madzi ambiri ili mkati molira, pisitoni imagunda madziwo ngati yagunda mwala, ndipo ndodo yake imapindika kapena kuthyoka. Zikatero palibenso zokonza pamchenga, umayamba kusaka injini ina. Adati posiya injini ikulira uku ndikukhuthula madzi, ndidachita kuiitanira ngoziyo ndekha, ndipo popotokola kiyi mobwerezabwereza ndinkaonjezera.

Kenako adamasula makoyilo. Injini ya Sienta ili ndi makoyilo 4, koyilo iliyonse imakhala pamwamba pa pulagi yake, m'dzenje lozama. Maenje onse adali ndi madzi. Adakulunga kansalu kuwaya n'kuumitsa dzenje lililonse, ndipo atatsimikiza kuti mwauma m'pamene adamasula mapulagi, kuopa kuti madziwo angatsikire mkati. Tidabwereka batire kwa msodzi wina. Adazungulitsa injini mapulagi ali kunja, maso ali pamabowo, kuti aone ngati mutuluke madzi. Simudatuluke kanthu.

“Mulungu wako ndi wamkulu. Ndowa ina imodzi, bwenzi ukulira,” adatero.

Tidayanika makoyilo, mapulagi ndi sefa padzuwa. Cha masana tidabwezeretsa zonse, ndipo injini idalira, koma monjenjemera chifukwa koyilo imodzi idali itafa. Kagetsi ka batire nakonso sikadazime. Madzi otunga m'mphepete, pomwe mafunde amaswekera, amakhala ndi mchenga, ndipo mchengawo pamodzi ndi matope ndi sopo ndidazikankhira mu alternator, chipangizo chija chimatchaja batire. Lolemba lake ndidakwera minibasi kupita ku Mzuzu kukagula koyilo ndi kukakonzetsa alternator. Za ukwati musafunse. Akwati adapeza galimoto ina mochedwa, ndipo ine ndidakongola ndalama kuti ndibweze yomwe ndidalandira.

Koma chomwe chidandipweteka kwambiri n'chomwe asibweni adandionetsa pomaliza. Adayatsa tochi kuseri kwa ladiyeta n'kundiuza kuti ndisuzumire chakutsogolo. Kuwala sikudadutse. Timipata tonse ta ladiyeta tidali titatsekekabe. Pokhuthula madzi kuchokera kutsogolo, matope ndidangowakankhira mkati, n'kukaunjikana pakati pa ladiyeta ndi chinzake cha AC chomwe chimakhala patsogolo pake.

“Waona? Wasambitsa pomwe anthu amaona, koma matenda wawasiya. Galimoto idakuuza ndi kagetsi kofiira kuti ikulephera kupuma. Iwe udamva zoti ikufuna kutchena,” adatero.

Tsono asibweni sadanene kuti matope azisiyidwa. Adati matope ndi oipa ndithu, ndipo adandiwerengera zifukwa. Akatseka ladiyeta, mphepo siidutsa, madzi oziziritsa injini sazizira, ndipo injini ikatentha mopyola imapsereza gasiketi kapena kupinditsa mutu wake. Akamata palamba ndi pamapule, lamba amalira n'kutha msanga. Matope amasunga chinyezi, choncho amadyetsa zitsulo dzimbiri ndi kuwononga polumikizira mawaya. Amabisanso pomwe oyilo kapena madzi akudontha, iwe n'kumayenda osadziwa. Nkhani ndi ya kachotsedwe kake.

Galimoto itachira, tidapatula tsiku lonse kuti andiphunzitse. Tidachitira kunyumba, pabwalo, kutali ndi nyanja komanso chitsime. Ndilemba monga momwe tidachitira, mwina wina zimuthandiza.

Tidayamba m'mawa injini ili yozizira, itagona usiku wonse. Adati madzi ozizira pachitsulo chotentha amachichititsa kukhwinyata mwadzidzidzi, ndipo chikhoza kung'aluka, makamaka mbali yotulukira utsi. Ndi sipanala ya 10 tidamasula waya wa batire wa mbali ya negetivi n'kuuika pambali. Kenako tidaphimba alternator, bokosi la mafyuzi, makoyilo, batire ndi pakamwa polowera mpweya. Tidagwiritsa ntchito mapepala a shuga otha, n'kumanga ndi malegeni.

Madzi sitidawakhudze msanga. Katondo akauma amasweka yekha, ndiye ambiri tidawachotsa ali ouma. Tidapala ndi kamtengo, osati sikuludiraiva, kuopa kuboola paipi kapena kusenda waya. M'makona tidalowamo ndi burashi yopentera ndi mswachi wakale. Matope omwe adagwa pansi adadzaza theka la ndowa, tisadathire ngakhale dontho limodzi.

Titatero m'pamene tidatenga ndowa imodzi ya malita 20 ya madzi a pamjigo, opanda mchenga, ndi sopo wotsukira mbale pang'ono. Tinkaviika nsalu, kufinya, n'kupukuta chiwalo chimodzichimodzi. Pomwe padali oyilo wosakanikirana ndi dothi tidapukuta ndi kansalu konyowetsa palafini, mosamala kuti asakhudze lamba ndi mapaipi a labala. Petulo adandiletseratu. Adati nthunzi yake imayaka ndi kamoto kakang'ono, ndipo adaonapo munthu atapsa manja ndi nkhope m'galaja chifukwa chotsukira injini petulo.

Ladiyeta ndiyo idadya nthawi. Tidamasula fani kuti tipeze mpata. Asibweni adaboola chitsekerero cha botolo lapulasitiki ndi msomali, n'kulidzaza madzi. Tinkafinya botololo kuchokera mbali ya injini kulozetsa kutsogolo, kuti matope atulukire komwe adalowera. Timapepala ta ladiyeta ndi tofewa kwambiri, timapindika ndi chala chokha, choncho sitifuna waya, burashi yolimba kapena madzi amphamvu. Tidabwereza kambirimbiri mpaka madzi adayamba kutuluka oyera. Titayatsanso tochi, kuwala kudadutsa.

Pomaliza tidachotsa mapepala aja, n'kusiya boneti yotsegula padzuwa maola atatu. Tidayang'ana m'bokosi la sefa ndi m'maenje a mapulagi ngati muli mouma, tidabwezeretsa waya wa batire, n'kuliza injini. Tidaisiya ikulira payokha kwa mphindi 15 kuti chinyezi chotsala chiume. Nsalu zamafuta zija sitidakazichape kunyanja.

Kunena zoona, injiniyo siidawale ngati ya m'shopu. M'makona ena mudatsala kufiira mpaka lero. Koma chichokereni tsikulo kagetsi kofiira sikadayakenso. Komanso injini itayera tidaona kuti paipi ina ya madzi idayamba kuchucha pang'ono polumikizira, ndipo tidaimanga isadatiphulikire panjira.

Anzanga ena amati kumalo otsukira galimoto m'tauni amapopera injini ndi mashini amphamvu ndipo palibe chimachitika. N'zoona kuti ena amapulumuka. Koma madzi amphamvu otere amalowa ngakhale molumikizira mawaya momwe mvula siifika, ndipo vuto lake limatha kudzaoneka patapita masiku, galimoto ikuzima yokha pakati pa msewu. Kutauni ikazima, makaniko ndi sitolo ya zipangizo zili pafupi. Kuno ikazima, chipangizo chili ku Mzuzu, ndipo wodwala sadikira.

Palinso nkhani ya nyanja yomwe ndidaipeputsa tsiku lija. M'mphepete momwemo ndi momwe amayi amatsuka mbale ndi kuchapa, ana amasamba, ena amatunga madzi a pakhomo, ndipo m'zithaphwi zapafupi ndi momwe amaviika chinangwa cha kondowole amene tonsefe timadya. Oyilo samira ndipo sasungunuka m'madzi. Amayandama, mafunde n'kumubwezera kumtunda komwe kuli anthu. Patapita masiku ndidakumana nawo mayi aja panjira ya kumsika. Ndidaima n'kuwapepesa.

“Ndidamva kuti galimoto idafera pomwepo. Mwana uja ali bwanji?” adafunsa.

“Wachira, ama.”

“Yewu. Basi, pitani bwino, ada.”

Sadaonjezere mawu ena, koma ndidachoka pamalopo nditazizidwa.

Mayi a mwana uja sadandisungire chakukhosi. Amakwerabe galimoto yanga, ndipo mwanayo akandiona amathamangira kudzakhala pampando wakutsogolo. Koma chiyambire usiku umenewo ndili ndi lamulo langa: galimoto siigona kutali ndi nyumba, siigona yopanda mafuta, ndipo sindiichita chilichonse madzulo chomwe chingailepheretse kudzuka usiku. Ndikadutsa m'matope, m'mawa mwake ndimayamba ndasuzumira ladiyeta ndi tochi. Zina zonse zimadikira tsiku lomwe ndili ndi nthawi.

Mnyamata wa ku Kande uja ndidamuimira. Ndidatsika n'kumufotokozera mwachidule za sefa, makoyilo ndi mchenga, ndiponso za amayi omwe ankachapa chapafupi. Adandimvetsera mwaulemu, ndowa ili m'manja, kenako adaseka.

“Musadandaule ada, ndimatere nthawi zonse. Komanso nyanja ndi yaikulu,” adatero.

Ndidalibe mphamvu zomukalipira, chifukwa mawuwo adali anga omwe. Ndidangomupempha kuti azimitse injini ndi kuphimba polowera mpweya, ndipo zokhazo adachita. Apaulendo anga ankadikira, ndiye ndidapitiriza ulendo.

N'chifukwa chake ndalemba, akonzi. Madalaivala anzanga a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi kwina konse komwe kuli matope, mvula ya chaka chino itimiza ambiri a ife. Mukatuluka m'thopemo, lolani injini izizire, lolani matope aume, ndipo yambani ndi ladiyeta. Tsiku limodzi lomwe mungataye pochita zimenezi ndi lotchipa kuposa ulendo wa ku Mzuzu, ndipo simudziwa amene adzagogode pakhomo panu usiku umenewo.

Dalaivala wa takisi,
Bandawe, Nkhata Bay